Kwa mayi amene mwafunsa za ankhoswe ndi khoti

Mayi, mwati inu ndi bambo a ana mwagwirizana kuti banja latha, muli ndi ana awiri ndi nyumba yomwe munamanga limodzi, ndipo abale akuti musapite kukhoti, mungokhala pansi ndi ankhoswe. Ine ndinakhalapo nkhoswe wa mng'ono wanga, ndiye ndinena zomwe ndinaona.

Musanayankhe abalewo, dzifunseni nokha: bamboyo atakhala apo, mungathe kunena kuti "ayi, izi sindikuvomera" mtima uli m'malo? Ngati mungathe, kukambirana n'kwabwino ndithu. Kukhoti tsiku la mlandu limasinthidwasinthidwa, ndalama zimathera m'minibasi ndi kwa loya, ndipo anthu amatulukako osayankhulana pomwe ana akufunabe makolo onse awiri.

Koma ngati anakumenyanipo, amakuopsezani, kapena amabisa mapepala a puloti ndi zomwe amalandira, musalole. Pabwalo lotere wamantha amangogwedeza mutu kuti nkhani ithe. Lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limapatsa khoti mphamvu yoletsa munthu kukuyandikirani. Kupolisi kuli Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo ngati za loya zikusowa, kuli Legal Aid Bureau.

Palinso ichi. Ankhoswe anazolowera kumanga banja, kuligawa si ntchito yawo kwenikweni. Ifeyo tinakhala pakhonde kuyambira m'mawa, mpaka nsima ya masana inafika tikungobwereza "banja ndi kupirira", chonsecho eni akewo anali atatsanzikana kale mumtima. Nanjinanji nkhoswe aliyense amakokera kwa m'bale wake, ine ndemwe ndinatero. Choncho auzeni poyambirira kuti simunabwere kudzabwezeretsa banja, mwabwera kudzakambirana za ana ndi katundu. Ngati n'kotheka, pakhale munthu wina wosakhala m'bale wa aliyense, woti nonse mumamupatsa ulemu, kaya abusa, kaya shehe, kaya mkulu wina wa m'dera.

Pomwe tinalakwitsa ife mpoti zonse tinangogwirizana pakamwa. Mlamu wanga analonjeza kuti fizi azilipira yekha. Materemu awiri analipira, yachitatu foni inayamba kungoitana osayankhidwa. Mng'ono wanga anagulitsa makina ake osokera kuti mwana asabwezedwe kusukulu, ndipo tinalibe ngakhale kapepala kosonyeza. Inu lembani zonse: ana azikhala kwa ndani, patchuthi azipita kuti, ndalama zingati pamwezi, tsiku lanji, wina akadwala bilu ya kuchipatala alipira ndani. Mukasayinirana, pitanabeni kukhoti ndi pepalalo. Ankhoswe sathetsa ukwati mwalamulo, limathetsa ndi khoti, ndipo zomwe mwagwirizana zikalowa m'chigamulo, wozemba mumakhala ndi pomugwirira. Mukafika mutamvana kale, mlandunso suvuta.

Pa nyumbayo, wina asakuuzeni kuti poti puloti ili m'dzina la bambo ndiye inu mulibe gawo. Lamulo la maukwati la 2015 limati pogawa katundu khoti liziona zomwe aliyense anaikapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Ngati munkatunga madzi oumbira njerwa, kuphikira amisiri, kapena ndalama za ku banki m'khonde zinagula malata, zonsezo zimawerengedwa. Tsiku lokumanalo lisanafike, jambulani ndi foni mapepala a puloti ndi malisiti a simenti ndi malata omwe mungawapeze, mutumizire m'bale wanu mmodzi asunge.