Mzere wa nyimbo pa matisheti: kakoma ka m'mwamba kaja kakulizani

Achemwali, mzere wa nyimbo mukufuna kusindikiza pa matisheti a chinkhoswewo musautumize pa WhatsApp n'kungoti "mupange bwino". Ayi ndithu. Anthu a makinawa ena alibe nazo ntchito kuti mawuwo akutanthauza chiyani, iwo amangoona zilembo ndi ndalama.

Choyamba, mawuwo muwamve bwinobwino. Pa YouTube pitani pa Playback speed muike 0.75, mumvere ndi mahedifoni katatu, mulembe pa pepala. Zolembedwa m'makomenti musazikhulupirire, theka la anthu amaimba zomwe khutu lawo linamva m'minibasi. Ngati ndi mawu a mufilimu yomasuliridwa m'Chichewa ija, dziwani kuti nthawi zambiri ndi nthabwala za womasulirayo, mwini filimu sananene zimenezo, ndiye musalembe dzina la wosewera pansi pake.

Tsopano pomwe pamafera anthu. Matisheti ambiri a zochitika amapangidwa ndi vinyl: makina amadula zilembo pa pulasitiki, kenako munthu amasenda zotsala ndi kachitsulo kosongoka, n'kudinda pa nsalu ndi makina otentha. Posendapo, tizidutswa tating'ono timachoka limodzi ndi zinyalala. Kadontho ka pa i, mpumiro, makamaka kakoma ka m'mwamba kaja, kamene kali m'mawu ngati m'bale ndi ng'oma. Mnyamata wosendayo ali ndi matisheti makumi asanu oti amalize usiku umodzi, magetsi athima kawiri, akuona ngati kakomako ndi kachinyalala. Mawa lake azimayi onse avala, ajambulitsa, zithunzi zalowa pa Facebook, ndiye wina akuwerenga mokweza: "mbale wanga" pomwe nyimbo ikuti "m'bale wanga". Mlongo wanu wasanduka chodyera nsima. "Ng'oma" ikataya kakomako yasanduka ngoma, nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Nayenso h amasowa chifukwa wotaipa wathamanga: phala lasanduka pala. Vinyl ikadindidwa ndi moto, kuichotsa kumasiya guluu ndi chithunzi cha zilembo pa nsalu, tisheti yatha basi. Mukabwerera kukadandaula, akuyankhani mopanda manyazi kuti "tinalemba zomwe munatumiza", chonsecho uthenga wanu uli pafoni pompo ndi kakoma kake. Ndalama sabweza. Ena mpaka amakuuzani kuti palibe amene aone. Aona! Alamu anu aona tsiku lomwelo.

Ndiye chitani izi. Auzeni akutumizireni chithunzi cha dizaini musanalipire zonse, muwerenge chilembo chimodzichimodzi, wina amene sanaone mawuwo awerengenso mokweza. Ngati akugwiritsa ntchito pulogalamu yopangira dizaini ya CorelDRAW, awasandutse mawuwo kukhala curves, kutanthauza zojambula osati zilembo zotaipa (Ctrl+Q), asanapite nawo pa kompyuta ina, apo ayi font (mtundu wa zilembo) ikasowa kumeneko zilembo zimasintha zokha. Pewani zilembo zopyapyala zopindikapindika zija, pa vinyl zimaduka. Adinde tisheti imodzi yokha kaye, muione ndi maso, ndiye apitirize. Ngati matisheti ndi ambiri ndipo mtundu wa utoto ndi umodzi, screen printing (kudinda podutsitsa utoto pa sikirini ya timabowo) imatsika mtengo, koma kumeneko cholakwa chikalowa pa sikirini chalowa pa onse. DTF (kusindikiza dizaini pa kapulasitiki n'kuidinda pa nsalu) siyisendedwa, ndiye tizizindikiro sitisowa, kungoti imakwera mtengo. Lipirani theka, theka linalo mukalandira katundu. Pochapa muzitembenuza tisheti, ndipo simbi isagunde pa zilembo.

Mzerewo ukhale waufupi, mawu asanu kapena asanu ndi awiri. Vesi yonse pamsana palibe amene amaiwerenga, munthu akuvina. Ngati mukufuna kugulitsa matishetiwo, imeneyo ndi nkhani ina: mawu a nyimbo ali ndi mwini wake pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016, funsani woimbayo kapena a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso zina ku Malawi, musanayambe.

Komatu musadzipweteke mutu kwambiri ndi zolondolazi. Ngati banja lonse limaimba mzerewo molakwika kuyambira kalekale ndipo ndi pomwe pamaseketsa, lembani momwe mumaimbiramo, dzina la woimba musaikepo. Ndipo ngati tsiku layandikira, tisheti yoyeserayo isiyeni, ingokhalani pomwepo pa shopu akusenda, muziloza ndi chala.