Kodi "cluster" tiziti gulu kapena tsango?

Funso: Aphunzitsi, ndife anyamata atatu kuno ku Linga, m'boma la Nkhotakota. Tikulembera anzathu malangizo a m'Chichewa a GlusterFS, pulogalamu yolumikiza makompyuta angapo kuti azisunga mafayilo ngati nkhokwe imodzi. Tatsutsana pa mawu awiri. Mnzanga akuti cluster ndi gulu, ndipo performance ndi liwiro. Kodi akulondola?

Yankho: Achimwene, ntchito mwayambayi yandisangalatsa kwambiri.

Mawu oti gulu si olakwika, koma ndi otambalala. Anthu odikira minibasi pa siteji ndi gulu, chonsecho palibe chowamanga pamodzi. Ine ndingasankhe tsango. Taonani tsango la mango: lililonse ndi bango palokha, koma onse alendewera pa phesi limodzi. Makompyuta anuwo ali chimodzimodzi. Iliyonse ili ndi disiki yakeyake, koma wotsegula fayilo amangoona malo amodzi. Lembani kuti tsango la makompyuta, mulongosole kamodzi koyambirira, basi.

Pa liwiro ndiye ndikukana. Chichewa chili ndi njira yakeyake yopangira mawu otere: kugwira, kagwiridwe, kusunga, kasungidwe. Choncho performance ndi kagwiridwe ka ntchito, ndipo file system ndi kasungidwe ka mafayilo. Liwiro ndi mbali imodzi chabe. Boti la injini limafika msanga koma limanyamula matumba ochepa, pomwe sitima ya Ilala imayenda mwapang'onopang'ono itasenza katundu wambirimbiri. Pa kompyuta zilinso ziwiri: nthawi yodikira yankho, ndi kuchuluka kwa zomwe zadutsa pa sekondi. GlusterFS imakoka bwino fayilo imodzi yaikulu, koma imachedwa pa timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri, chifukwa kalikonse kamafuna kuti makompyuta afunsane kaye pa netiweki. Mukangolemba kuti mwawonjezera liwiro, wowerenga sadziwa kuti mwakonza chiti.

GlusterFS ndi pulogalamu ya open source, koma musaiwale kuti open source sikutanthauza yaulere ayi. Ndi pulogalamu yomwe aliyense aloledwa kuona m'mene inalembedwera ndi kuisintha. Kampani ya Red Hat inagula Gluster, kampani yomwe inapanga GlusterFS, mu 2011, koma chilolezocho sichinachoke.

Koma malamulo omwe munthu amataipa pa kompyuta, monga gluster volume info, musawakhudze. Ngakhale brick, lomwe mu GlusterFS ndi foda ya pa kompyuta imodzi ya m'tsangomo, lisiyeni choncho m'malamulowo. Mukalemba njerwa, mnzanuyo adzataipa njerwa, kompyuta n'kumukanira.