Kwa achemwali amene bambo awo apezeka ndi diverticulitis

Achemwali, mwati bambo anu a zaka 63 akumva kupweteka kumunsi kwa mimba chakumanzere, thupi likutentha, ndipo adokotala akuti ndi diverticulitis, kutupa kwa timatumba ta pa thumbo lalikulu. Choyamba, ngati m'nyumbamo muli brufen, diclofenac kapena indocid, abiseni lero lomwe.

Ndikutero chifukwa cha mayi anga. Iwo ankangoti ndi mimba wamba, n'kumamwa brufen wa pagolosale sabata yonse. Ululu unkazizira pang'ono, koma mkatimo zinthu zikuipiraipira. Tsiku lomwe tinawathamangitsira kuchipatala sankalola n'komwe kuti munthu awakhudze pamimba. Anapezeka kuti mafinya aunjikana pambali pa thumbo, ndipo anagonekedwa masiku ambiri akulandira mankhwala pa diripi. Mankhwala opha ululu a mtundu wa brufen amatha kuchititsa kuti thumbo lodwalalo litaye magazi kapena libooke. Panado ndiye wololedwa.

Matendawa ali chonchi: munthu akamakula, makamaka akapitirira zaka 40, khoma la thumbo lalikulu limafooka malo ena n'kutuluka timatumba ting'onoting'ono. Ambiri amakhala nato osadziwa. Vuto limayamba kathumba kena kakatupa kapena kakalowa tizilombo. Kunenepa, fodya, nyama yofiira yambiri ndi kudzimbidwa kawirikawiri zimawonjezera ngozi.

Kodi bambowo anawajambula CT scan, kuja makina amaonetsa za mkati mwa mimba? Kungopapasa pamimba sikuonetsa ngati muli mafinya kapena ayi. Ife tinakajambulitsa kuchipatala cholipira, zinatidyera masauzande mazana angapo, ndiye funsani mtengo musananyamuke. Komanso akachira, pakatha masabata 6 mpaka 8, funsani za colonoscopy, kuja amalowetsa kamera m'thumbo. Musalumphe zimenezi, chifukwa khansa ya m'matumbo nthawi zina imabwera ndi zizindikiro zofanana. Pamene thumbo lili chitupire sachita colonoscopy.

Ngati awapatsa maantibayotiki, amalize onse. Pakakhala Flagyl, mowa asaukhudze. Koma mukaona akusanza chilichonse, mimba yauma ngati thabwa, akunjenjemera kapena akuchita chimbudzi cha magazi, musadikire kuche. Thumbo likabooka ndi opaleshoni, ndipo ena amatuluka ndi kathumba kotayira chimbudzi pamimba.

Abale amene mwalemba kuti amwe madzi a ndimu ndi adyo, chonde, zimenezo sizichotsa mafinya. Mungachedwetse munthu wofunika dokotala.

Za chakudya, masiku amene ululu wakula apatseni zofewa: phala lamadzimadzi, msuzi ndi madzi ambiri. Akayamba kupeza bwino ndiye muziwonjezera pang'onopang'ono nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, bonongwe, nkhwani, mbatata ndi mapapaya. Mukawaunjikira nyemba tsiku limodzi mpweya udzawasautsa. Madokotala awiri, Neil Painter ndi Denis Burkitt uja anagwira ntchito ku Uganda, analemba mu 1971 kuti matendawa ankasowa m'midzi ya mu Africa momwe anthu amadya chakudya chosachotsa gaga, pomwe ku Britain anali ofala. Kwathu ufa woyera tinauchepetsa ndithu. Mayi poyamba ankadandaula kuti mgaiwa ndi wa nthawi ya njala, koma pano amaufuna okha.

Mtedza ndi chimanga chokazinga musawamane akachira. Kale ankati timbewu timakodwa m'timatumba tija, koma madokotala anasiya kuletsa zimenezi.