Za tsiku langa ku Glasgow, poyankha msuweni

Halo… yayamba kujambula? Eya, yayamba. Mwaswera bwanji nonse m'gulumu? Amayi mwaswera, azakhali mwaswera, ndi inu ang'onoang'ono amene mumangowerenga osayankha, ndimakuonani. Iwe msuweni, uthenga wako ndauona. Akuti, "Tatiuzeniko a ku Ulaya, tsiku lanu limayenda bwanji ku Glasgow kumeneko, mumadya chiyani, mwazolowera?" Hmm. Iweyo? Iwe amene chichokereni ine mu September sunandifunseko ngakhale za chimfine, lero wadzuka ndi chidwi chofuna kudziwa zimene ndimadya? Kulemba sinditha, zala zachita dzanzi, ndiye ungomvera. Ikhala yaitali iyi, bandulo ugulirenso.

Poyamba ndimati mwina ndi za foni ija. Ngati ndi zimenezo, mwamuna wanga wa chisuweni, yamba waiwala. Ndalama ya kuno imakoma ukamaiwerengera m'makwacha uli kumeneko. Uli kuno, lendi yokha imameza pafupifupi zonse. Viza yanga imandilola kugwira ntchito maola 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, osapitirira, ndiye Loweruka ndimakatsuka mbale pa lesitilanti ina. Zogula ndi ku Lidl kapena Aldi, ndipo madzulo ndimadutsa ku Tesco kukasaka zija amamatapo kapepala kachikasu, zotsala pang'ono kutha masiku. Ulemerero wake ndi umenewo.

Chabwino, tsiku langa. Ndimadzuka kuli mdima bii. Mwezi wa December uno dzuwa likutuluka cha m'ma 9 koloko, ndipo 4 koloko isanakwane lalowa kale. Kutuluka kwakenso ndikungonena, nthawi zambiri sulionako n'komwe. Mvula yake ili ngati chiperoni cha June ku Thyolo, koma chosadziwa kuti chileke liti. Ndimavala majuzi awiri ndi jekete, n'kuyenda wapansi kudzera Byres Road mpaka ku yunivesite. Kukavuta ndimakwera kasitima kapansi pa nthaka, kamene kamangozungulira masiteshoni 15 n'kubwerera pomwe kanayambira. Akuti kanayamba kuyenda mu 1896. Yunivesiteyo ndiye ya 1451, tangoganiza.

Makalasi ndi ochepa, mwina awiri patsiku, tsiku lina kulibe. Koma zowerenga… iii. Palibe wokulondola, palibe wokulembera manotsi pa bolodi. Tsiku lopereka asainimenti likakwana, kompyuta imatseka yokha, ndipo simva zoti kunali maliro. Ndiye ndimakhalira ku laibulale, nyumba ya nsanjika 12, imatseka 2 koloko usiku. Musati ndine wakhama kwambiri, ayi, kumeneko n'kofunda. Aphunzitsi amafuna uziwatchula dzina loyamba, munthu wa imvi, pulofesa wathunthu. Pakamwa panga pamakana. Chingerezi chawonso anthu a mu Glasgow, aaa, dalaivala wa basi akalankhula ndimangoti eya eya n'kukhala pansi.

Kudya ndimadya nsima, Amayi musadere nkhawa… ndikutanthauza iwe msuweni, poti wafunsa ndiwe. Ufa ndimagula m'sitolo ya anthu a ku West Africa, wa Iwisa wochokera ku South Africa. Mthiko uja ndinabwera nawo ukugwira ntchito. Masamba alipo ofanana ndi repu, ndimathira chiponde m'malo mwa nsinjiro. Tsiku lina ndinakazinga usipa m'khitchini ya tonse, utsi pang'ono chabe, belu la moto linalira hostelo yonse kutuluka panja, ena atafunda mabulangete. Mnzanga wa ku Malaysia yekha ndi amene anati fungolo lamukumbutsa kwawo, moti tinadya limodzi.

Lamulungu ndimapita ku Church of Scotland, makolo ake a Sinodi yathu ya Blantyre. Mapemphero ola limodzi ndendende, kenako tiyi. Ambiri ndi agogo, ndipo ukangoti ndine wa ku Malawi, wina amapezeka kuti mpingo wake uli pa ubale ndi mpingo wa ku Zomba kapena ku Mulanje. Ndinapitakonso ku Blantyre wawo, komwe anabadwira David Livingstone mu 1813, pa sitima sipatenga theka la ola. Katauni kakang'ono, Limbe akuposa.

Dikira kaye, ketulo… eya.

Ukudziwa amene ndakhala ndikumuganizira masiku ano? Bambo ako aakulu. Amalume a ku Joni. Iwe unali usanabadwe, inenso chimodzimodzi, koma nkhaniyi ine ndinaimva kwa Agogo kangapo tikutong'ola chimanga, pamene iwe unkathawira ku mpira. Paja ndege ya Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni, itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974, n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, Kamuzu analetsa zoti anthu azipita. Atatsegulanso mu 1977, dzina litasintha kukhala Theba, amalume anali m'gulu la anyamata amene anathamangira kukalembetsa. Agogo aamuna anakana, anati wina wafa kale m'mudzi muno ndi ndege imeneyo. Iwo anachoka usiku, atagulitsa mbuzi ija… eya, mbuzi yomwe ija imene azakhali saifuna kuti izitchulidwa. Pepani azakhali, ndangodutsapo.

Zaka zoyamba zinkayenda bwino. Kontilakiti ikatha ankabwera, ndalama ina inkadikira kuno… ayi, kumeneko, ndimaiwala kuti ndili kuti. Gawo la malipiro ankalandirira ku Malawi, ndiye munthu unkayenera kubwera ndithu. Ankafika ndi bulangete la Agogo, nsalu za alongo awo, masiwiti a ana. Amayi anali kamtsikana, wotsiriza kubadwa, ndiye iwo ndi amene ankatumidwa ku positi ofesi ku Luchenza kukafunsa ngati kwabwera kalata. Wapansi, mtunda wonse uja. Kenako 1988, Theba inatha chifukwa cha mkangano wa maboma awiri pa zoyeza anthu magazi. Anzawo onse anabwerera. Basi ya UTM ikaima pa msewu, anthu kutsika ndi mabokosi achitsulo, Amayi ali pomwepo kuyang'ana nkhope imodzimodzi. Amalume osatsika. Anzawowo ankangoti, tinamusiya ku Welkom, tauni ya migodi ku Joni komweko, akuti abwera mwezi wamawa.

Mwezi wamawawo unatenga zaka. Kalata zinasiya. Agogo madzulo alionse ankasiya mtanda umodzi m'mbale yovundikira, ati mwina afika usiku ndi njala. M'mawa ana n'kudya mkute. Agogo aamuna anamwalira, uthenga unatumizidwa kudzera kwa munthu wa ku Bvumbwe amene ankati amadziwa komwe amakhala, koma maliro anaikidwa iwo kulibe. Anthu m'mudzi anayamba kuwatchula kuti mtchona poyera, Agogo akumva.

Anadzatulukira matipate atabwera kale, Mandela akulamula uko. Masana dzuwa lili pamutu, munthu atavala jekete lachikopa ndi chipewa, bokosi pa njinga ya hayala. Ana anathawa. Ndiye m'bokosimo munali chiyani? Wailesi ya makaseti awiri yodya mabatire 8, magamubutsu, chisoti cha mu mgodi, ndi suti imodzi ya mizeremizere. Basi. Wailesiyo inalira masiku a Khirisimasi okha, mabatire atatha inakhala chokongoletsa pa kabati mpaka lero, iwe umaidziwa, unathyola eriyo yake. Nkhuku zikalowa m'nyumba ankazikalipira m'Chifanakalo, moti ife tinakula tikuganiza kuti nkhuku zimamva chilankhulo cha ku Joni. Akamwa pang'ono ankafotokoza za kheji imene inkawatsitsa pansi makilomita awiri ndi kupitirira, kutentha kwake mwala sungaugwire, thukuta lodzaza m'jombo. Ife kuseka, kuyesa nthabwala. Chifuwa chija chimene amatsokomola mpaka pano sichinachokere ku fodya ayi, ndi fumbi la m'menemo. Paja khoti la ku South Africa linavomereza mu 2019 chipukutamisozi cha R5 biliyoni kwa anthu amene anadwala matenda a fumbi ndi TB m'migodi ya golide. Kuyambira pomwe anamva zimenezo, jumbo ya mapepala ija sachoka nayo patali, nambala yawo ya ku mgodi amaitchula pamtima kuposa tsiku lawo lobadwa.

Ndiye tsiku londiperekeza ku Chileka, inu nonse muli kalikiliki ndi zithunzi, iwe uli pa foni ndi kamtsikana kako ka ku Chirimba, usakane, amalume anandikokera pambali. Ndimayesa andipatsa malangizo a za anyamata. Anati, tandionetsa tikiti. Ndinawaonetsa pa foni. Anati, ndi yopita yokha kapena yobwereranso? Ndinati yobwereranso. Anandiuza kuti ndiwawerengere tsikulo mokweza. Kenako anati, mphwanga, ine sindinakhalepo pansi n'kuganiza kuti nditchone. Ndinkangoti ndipeze kaye ya malata. Chaka chikatha ya malata palibe, manyazi akula, ndiye ndinkati chaka chamawa. Pomaliza manyazi anakula kuposa ulendo.

Eee… ndiye msuweni, tiye tikambe zoona. Funso lija si lako. Iwe sunganene kuti "mwazolowera." Iwe ukanati "zikuyenda?" n'kuika kachithunzi koseka. Amene amafunsa kuti mwazolowera, ndipo ukayankha kuti eya amakhala chete m'malo mokondwera, ndi munthu mmodzi yekha m'banja muno. Amayi, ndikudziwa muli pompo, mwina foni yake ya msuweni ili m'manja mwanu. Ndikudziwanso kuti mwana wa amayi a Mvano aja anapita ku Ireland kukaphunzira ndipo sanabwerere, ndipo nkhaniyo yakhala ikuzungulira ku tchalitchi. Chimene mukufunsa si nsima. Mukufunsa ngati ndidzabwere.

Ndibwera, mu June. Ndipo si nkhani ya mtima wabwino chabe ayi, tamverani mmene zimayendera. Pulogalamu yathuyi ndi yosinthana ophunzira. Ine ndikadali wophunzira wa koleji yanga ya ku Malawi, kuno ndabwerekedwa chaka chimodzi. Magiredi a kuno amatumizidwa kumeneko, digiri ndidzalandirira kumeneko, ndipo chaka chomaliza chikundidikira. Ndikatsalira kuno ndiye kuti zaka zonse zija mwagulitsa nandolo ndi nthochi zapita m'madzi, ndikhala wopanda pepala kuno, wopanda pepala kwathu. Viza nayo ili ndi tsiku lake lothera, ndipo kuno ukapitirira sungapeze ntchito yooneka, amafunsa mapepala.

Sindinama kuti maganizo sabwera. Amabwera. Ukaona magetsi osazima, mankhwala olemberedwa ndi dokotala aulere, mtima umati bwanji. Ndakumana ndi Amalawi kuno amene akugwira ntchito yosamalira okalamba, usiku ndi usana, akuphunzitsa abale awo kumudzi, ndipo ine sindingawanene, ndi anthu olimba mtima. Mwina tsiku lina ndidzafunsira masitazi, ndidzapita poyera mutandiperekezanso, n'kubweranso. Koma ulendo uno ayi.

Chimene ndikupempha ndi chimodzi, ndipo apa ndikulankhula ndi gulu lonse, osati Amayi okha. Mndandanda uja muusiye. Wina foni, wina laputopu, wina nsapato za mpira saizi 9, azakhali akuti wigi. Ine ndidzatsika ku Chileka ndi chikwama chomwe chija ndinapita nacho, mwina ndi mabisiketi a batala a kuno ndi kabulangete ka Agogo, basi. Wina asadzati wachokera ku Ulaya chimanjamanja. Amalume chinawasunga ku Welkom ndi chimenecho, kuopa maso a anthu pa msewu. Ine ndakuuziranitu pano kuti malata ndilibe, ndiye palibe choti ndidzachite nacho manyazi. Ndikubwera mu June, opanda kanthu, mundilandire choncho.

Msuweni, ntchito yako ndi iyi. Voisiyi ukawamvetsere Amayi kawiri, chifukwa koyamba adzangomva za belu la moto n'kuyamba kudandaula kuti ndiwotcha nyumba ya azungu. Ukawamvetserenso bambo ako aakulu, koma pa mbuzi paja udumphitse. Uwauze kuti tsiku lija ndinawawerengera silinasinthe. Ndipo eriyo ya wailesi ukonze, zaka zonsezi.

Amayi, ndatitu ndikubwera, mwamva? June. Chipinda changa musaikemo matumba a chimanga. Ndikuimbirani Lamulungu 6 koloko yanu, kuno idzakhala 4, foni muitchaje. Ndathamanga, zovala zanga zili m'makina pansipa ndipo pali mnyamata wina amangozitulutsa n'kuziunjika pa tebulo zili zonyowa.