Kodi sikelo ya ankhonya imanama? Yankho kwa amene mwandilembera

Ndalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa inu amene mumawerenga pano, ndipo funso lake mwachidule ndi ili: amati ankhonya amamenyana ndi munthu wolemera mofanana nawo, nanga bwanji tsiku la nkhonya wina amaoneka chimunthu kuposa mnzake, komanso munthu akapitirira pa sikelo zimatha bwanji? Zikomo achimwene. Sikelo sinama ayi, koma imangokuuzani kulemera kwa munthu pa mphindi imene wakwerayo basi, ndipo mphindi imeneyoyo ili kutali ndi nthawi imene belu loyamba limalira.

Tiyambe ndi magulu a kulemera kuti timvane. Kale analipo 8 okha, pano alipo 17, kuyambira minimumweight yomwe malire ake ndi mapaundi 105, pafupifupi makilogalamu 48, mpaka heavyweight. Otchuka kwambiri ndi lightweight pa mapaundi 135, welterweight pa 147, middleweight pa 160, light heavyweight pa 175 ndi cruiserweight pa 200. Manambala amenewa ndi denga, mukhoza kukhala pansi pake koma osapitirira ngakhale pang'ono. Kwa anyamata ang'onoang'ono magulu amasiyana ndi mapaundi atatu kapena anayi okha chifukwa pa thupi laling'ono paundi iliyonse imamveka. Heavyweight, gulu la olemera kwambiri, ilibe denga, n'chifukwa chake mu 2009 David Haye anamenyana ndi Nikolai Valuev amene ankamuposa ndi mapaundi pafupifupi 100, ndipo Haye anapambana. A WBC, limodzi mwa mabungwe oyendetsa nkhonya, anaona kuti mpata umenewu wakula kwambiri ndiye mu 2020 anayambitsa gulu lina, kuwonjezera pa 17 aja, lotchedwa bridgerweight, malire ake 224.

Tsopano pagona nkhani ndi apa. Kukwera sikelo kumachitika tsiku limodzi nkhonya isanachitike, ndiye pakati pa sikelo ndi belu pamadutsa maola opitirira 24, nthawi zambiri amafika 30 ndi kupitirira. Wankhonya amene pa moyo wake wa tsiku ndi tsiku amalemera mwina 165 akhoza kumamenyera ku 147. Miyezi iwiri ya kukonzekera amachepetsa chakudya n'kuwotcha mafuta, koma mapaundi otsiriza aja si mafuta ayi, ndi madzi. Sabata yomaliza amasiya mchere, amachepetsa zakumwa mpaka kutsala pang'ono kusiyiratu, amathamanga atavala zovala za pulasitiki, amakhala mu sauna kapena m'bafa la madzi otentha kuti thukuta lituluke, ena mpaka kumalavula malovu m'botolo, ndipo mukamuona pa sikelo masaya alowa, maso agwera mkati, nthawi zina wavula zonse anzake amutchinga ndi thawulo chifukwa ngakhale kabudula wamkati akuwerengedwa. Akangotsika, botolo lili kale m'manja. Mmawa mwake wabweza mapaundi 10, 15, ena 20. Munthu amene mwamuona pa sikelo ndi amene akulowa mu ring'i ndi matupi awiri osiyana.

Mwina mukudabwa kuti bwanji osangowayeza tsiku lomwelo. Kale zinkatero ndithu, ankakwera sikelo mmawa n'kumenyana usiku wake. Vuto linali lakuti anthu ankadziumitsabe, kenako n'kulowa mu ring'i madzi asanabwerere m'thupi, ndipo munthu wouma amatopa msanga, maso sathwa, miyendo imalemera, ndiye amalandira nkhonya zambiri m'mutu pa nthawi imene thupi lake silingathe kupirira. Imfa ya Duk Koo Kim wa ku South Korea mu November 1982, atagwetsedwa ndi Ray Mancini mu raundi ya 14 ku Las Vegas, inagwedeza masewerowa kwambiri ndipo ndi imene inachititsa kuti maraundi a nkhonya zolimbirana lamba wa uchampioni atsike kuchoka pa 15 kufika pa 12. Kuyambira zaka zimenezo nkhani ya chitetezo inakula, ndipo pang'onopang'ono sikelo inasunthidwa kubwerera tsiku limodzi kuti munthu apeze mpata womwa ndi kudya. Mapulomota, amene amakonza nkhonyazi n'kugulitsa matikiti, nawo zinawakomera, chifukwa wina akalephera amakhala ndi tsiku lonse lokonza zinthu anthu atagula kale matikiti.

Cholinga chinali chabwino ndipo ine sindingafune kuti tibwerere kumene tinachoka. Koma lamulo lomwelo linatsegula khomo kwa anthu akuluakulu kuti azitsikira m'magulu osati awo. Nkhani imene imandipweteka mpaka lero ndi ya Arturo Gatti ndi Joey Gamache ku Madison Square Garden mu February 2000. Anagwirizana pa mapaundi 141. Usiku wa nkhonya sikelo ya a wailesi ya kanema ya HBO inaonetsa Gatti ali pa 160, Gamache ali pa 145. Gamache anagwetsedwa moopsa mu raundi yachiwiri, anavulala ubongo ndipo sanamenyenso nkhonya. Pa pepala anali anthu a gulu limodzi.

Mabungwe ayesa kutseka khomoli, aliyense m'njira yake. A IBF amafuna kuti pa nkhonya ya lamba wawo ankhonya akwerenso sikelo mmawa wa tsiku lomenyana, ndipo asapitirire malire ndi mapaundi oposa 10. Mu March 2017 Daniel Jacobs anasankha kusapita ku sikelo yachiwiriyi asanakumane ndi Gennady Golovkin, anavomera kutaya mwayi wotenga lamba wa IBF bola alowe ali wamkulu. A WBC amayeza kukadali masiku 30, ndipo pamenepo munthu asapitirire malire ndi 10 peresenti, kenako amayezanso tsiku likamayandikira. Njira ya WBC ndi imene ine ndimaikonda, chifukwa imagwira vuto pa chiyambi, imaonetsa ngati munthu ali m'gulu lake lenileni kapena akungodalira sauna.

Palinso zimene amalemba mu kontirakiti. Ankhonya awiri akhoza kugwirizana kulemera kwawokwawo kosagwera m'gulu lililonse, monga Manny Pacquiao ndi Miguel Cotto pa 145 mu 2009, ndipo akhozanso kuikirana malire a mapaundi amene munthu angabweze akatsika pa sikelo. Gervonta Davis ndi Ryan Garcia mu April 2023 anagwirizana pa 136 ndi malire a 146 mmawa wa tsiku lomenyana. Apa ndimakhala ndi nkhawa, chifukwa amene amaumiriza zimenezi nthawi zambiri ndi amene ali ndi dzina komanso ndalama, ndipo cholinga chake sichikhala kuteteza mnzake koma kumufooketsa asanalowe n'komwe mu ring'i.

Funso lanu lachiwiri lija. Munthu akapitirira, kawirikawiri amapatsidwa ola limodzi kapena awiri kuti akayesenso. Akalephera ali championi, lamba amachoka pomwepo pa sikelo, monga zinachitikira David Benavidez mu 2020 ndi Shakur Stevenson mu 2022. Nkhonya ikachitikabe, amene anakwanitsa kulemera yekha ndi amene angatenge lamba akapambana, wopitirira uja akapambana lamba amakhala wopanda mwini. Ngati wopitirira ndi wolimbana ndi championi, ndiye kuti mwayi wa lamba wautaya. Pamwamba pa izo pali chindapusa, gawo la malipiro ake limapita kwa mnzake, ndipo mnzakeyo ali ndi ufulu wokana kumenyana.

Ufulu wokana umenewu pa pepala ulipo, koma taganizirani munthu amene wakonzekera miyezi iwiri, walipira kochi, walipira omuthandiza, banja likudikira, ndipo akakana mwina sapeza kanthu kapena apeza zochepa. Ambiri amavomera. Ndiye munthu wa ndalama akhoza kungogula mapaundi. Floyd Mayweather mu 2009 anagwirizana ndi Juan Manuel Marquez pa 144, anabwera ali pa 146, analipira madola 600,000 nkhonya n'kupitirira. Ryan Garcia mu April 2024 anapitirira 140 ndi mapaundi oposa atatu, analowa ali wamphamvu n'kumugwetsa Devin Haney katatu, ngakhale zotsatirazo zinadzafufutidwa atapezeka ndi mankhwala oletsedwa m'thupi. Diego Corrales anavomera kumenyana mu October 2005 mnzake Jose Luis Castillo atapitirira 135, ndipo Corrales anagwetsedwa mu raundi yachinayi. Mu June 2006 Castillo anapitiriranso, ulendo uno Corrales anakana ndipo nkhonya inalephereka. Anthu ena anamunyoza koma ine ndimati anachita bwino. Chimene ndimafuna nditaona ndi lamulo lakuti amene wakwanitsa kulemera alandire malipiro ake onse ngakhale akane kumenyana, ndipo ndalamazo zichoke m'thumba mwa wopitirira uja ndi pulomota wake.