Yankho kwa azakhali: chidendene chopweteka ndi makina a shockwave

Azakhali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu uja ndaumva, woti chidendene chakumanja chakhala chikukupwetekani miyezi inayi tsopano, makamaka mukangotsika pabedi m'mawa, ndipo mukufunsa ngati makina a shockwave omwe mwawaona pa Facebook kapena jakisoni wa PRP, wopangidwa kuchokera ku magazi anu omwe, angakuthandizeni. Ndiyankhira pagulu pompano kuti ena amve nawo. Mundipirire, nkhaniyi italikako pang'ono.

Mmene mwafotokozeramo, zikumveka ngati vuto lomwe madokotala amalitcha plantar fasciitis. Kunsi kwa phazi kuli mtsempha wolimba wochokera pafupa la chidendene kukafika kuzala. Ukalemedwa nthawi yaitali umakandapala ndi kupweteka pomwe wagwirira fupa paja. Usiku mukagona umakhwinyata, ndiye mukaponda koyamba m'mawa umakokeka modzidzimutsa. N'chifukwa chake kuponda koyamba ndiko kumawawa kwambiri, mukayendayenda n'kumachepa. Pa sikani amayeza kukandapala kwake, ukapitirira mamilimita 4 amadziwa kuti vuto ndi limeneli. Akakujambulani X-ray n'kupeza kafupa kosongoka pachidendene musadzidzimuke. Anthu ambiri ali nako koma samva ululu uliwonse, ndipo kawirikawiri sikafunika kukachotsa.

Ndiye za shockwave zija. Si makina abodza ayi. Nzeru yake inachokera ku makina ophwanya miyala ya mu impso, ndipo ku America bungwe la boma loona za mankhwala, la FDA, linawavomereza pa vuto la chidendeneli m'chaka cha 2000. Amakupakani jelo pachidendene, n'kukhazika kamutu ka makinawo pamalo popwetekapo, ndiye kamagunda mofulumira, kawirikawiri maulendo pafupifupi 2,000 pa nthawi imodzi. Zimatenga mphindi 5 mpaka 10. Mumapita kamodzi pa mlungu, maulendo atatu mpaka asanu. Sacheka, sabaya, ndipo mumatuluka mukuyenda nokha. Zimawawa ndithu pamene akugunda, koma mumamuuza wogwira makinayo n'kuchepetsa mphamvu. Cholinga chake n'kuutekesa mtsempha uja kuti thupi liyambirenso kuukonza.

Pomwe anthu amakhumudwa ndi apa: amaganiza kuti akatuluka m'chipindamo achira. Ayi. Kusintha kumabwera pang'onopang'ono, mpaka milungu 12 chimalizireni, ndipo alipo ena omwe sathandizika n'komwe. Masiku amenewo ambiri amalangiza kuti musamwe ibuprofen kapena diclofenac, chifukwa mankhwalawa amaziziritsa kutupa komwe makinawo akufuna kudzutsa. Panado alibe vuto. Makinawa sagwiritsidwa ntchito pa mayi woyembekezera kapena pamalo pomwe pali bala, ndipo munthu womwa mankhwala oletsa magazi kuundana ngati warfarin ayenera kunena asanayambe. Ngati munabayidwa jakisoni wa steroid pachidendenepo, amadikira milungu 6 kapena kupitirira.

Jakisoni wa steroid ameneyu ndi wakale, ndipo amaletsa ululu msanga, koma mphamvu yake imatha pakangopita mwezi umodzi kapena iwiri. Kumubwereza kawirikawiri n'koopsa. Amafooketsa mtsempha mpaka ukhoza kuduka, komanso amasungunula mafuta a pansi pa chidendene omwe amatiteteza tikaponda, ndipo mafuta amenewo akatha sabwereranso. PRP ndiyo yatsopano. Amakutengani magazi anu omwe pamkono, n'kuwazunguza m'makina kuti apatule gawo lokhala ndi tizigawo tothandiza kupoletsa mabala, kenako n'kubaya gawo limenelo pamtsempha, makamaka akuyang'ana pa sikani kuti singano ifike pamalo oyenera. Masiku oyamba ululu umawonjezeka kaye. Kafukufuku wake sanagwirizane, wina akuonetsa kuti imathandiza pakapita miyezi, wina ayi, ndiponso chipatala chilichonse chimaikonza mwanjira yakeyake. Ine sindingakuuzeni kuti muyambire pamenepo.

Zoika m'nsapato zosindikiza pa makina a 3D nazo zatchuka. Amajambula phazi lanu ndi kamera, kompyuta n'kukonza chofanana ndi phazilo. N'zabwino kwa munthu wa phazi lopindika kapena wa shuga. Koma pa vuto lanuli, zogula zopangiratu zimathandiza pafupifupi chimodzimodzi, bola zikhale zolimba pakati pa phazi ndi zofewa pachidendene.

Tsono chomwe ndikufuna mumve bwino, azakhali, ndi ichi. Mwa anthu 10 aliwonse a vutoli, pafupifupi 9 amachira chaka chisanathe popanda opaleshoni, ndipo shockwave amaiganizira munthu akayesa kaye zolimbitsa phazi kwa miyezi 3 mpaka 6 osaona kusintha. Miyezi inayi yomwe mwangopirira ululu osachita kanthu siwerengedwa. Ndiye yambani motere.

M'mawa musanaponde pansi, khalani m'mphepete mwa bedi, sanjikani phazi lopwetekalo pabondo linalo. Gwirani zala zonse ndi dzanja, zikokereni cham'mwamba mpaka mumve kunsi kwa phazi kwakungika. Mukagwira ndi chala cha dzanja linalo mumva mtsempha uja utauma ngati chingwe. Werengani masekondi 10, masulani, bwerezani ka 10. Muzichita katatu pa tsiku, komanso mukakhala pansi nthawi yaitali musanaimirire. Cholakwika chomwe ambiri amachita n'kukoka phazi lonse m'malo mwa zala, ndiye mtsemphawo sukokeka.

Kenako katumba, chifukwa akauma amakoka chidendene. Gwirani khoma, phazi lopwetekalo kumbuyo, bondo lowongoka, chidendene chili pansi, zala zikuloza kutsogolo. Tsamirani kutsogolo masekondi 30, katatu. Chidendene chikangonyamuka pansi mwataya nthawi.

Ululu ukayamba kuchepa, onjezani cholimbitsa. Imani m'mphepete mwa sitepe, zala zili pa thaulo lopinda kuti zitukuke, chidendene chikulendewera, dzanja litagwira khoma. Nyamukani pang'onopang'ono masekondi 3, imani pamwamba 2, tsikani 3. Ka 12, maulendo atatu, lero kuchita mawa kupumula. Yambani ndi mapazi onse awiri, mudzapite ku limodzi mukalimba. Ndipo lekani kuyenda opanda nsapato pasimenti, ngakhale m'nyumba momwe. Masilipasi opyapyala aja ayambe apuma.

Opaleshoni ndiyo yomalizira, pakapita miyezi 6 mpaka 12 zonse zitakanika. Masiku ano amaboola timabowo ting'onoting'ono n'kulowetsa kakamera, kudula mbali chabe ya mtsemphawo, kapena kumasula katumba. Akadula wambiri phazi limaphwa ndipo ululu umasamukira m'mbali mwake.

Koma musanayambe chilichonse, pitani akakuoneni msanga ngati phazi likuchita dzanzi kapena kuotcha, ngati chidendene chikupweteka mukachifinya m'mbali zonse ziwiri, ngati chatupa n'kutentha, kapena ngati ululu ukukudzutsani usiku. Zimenezo zikhoza kukhala kupanikizika kwa mtsempha wa m'phazi wotumiza mauthenga ku ubongo, fupa lochita mng'alu kapena matenda ena, ndipo shockwave singathandize. Mundiyankhenso ngati munayezetsa shuga posachedwa komanso mankhwala omwe mukumwa panopa, chifukwa ngati shuga alipo, jakisoni wa steroid amamukweza kwa masiku angapo.