Kuyankha Tadala pa nkhani ya ulusi

Eee, Tadala, msuweni wanga, ndamva uthenga wako. Ndachedwa kuyankha, ndinali pamoto. Dikira ndichepetse wailesiyi... ehe. Wafunsa kuti ulusi wolukira ndimagula kuti, komanso kajuzi ka mwana wakhanda kamadya mipukutu ingati. Ati mwana wa mnzako. Mmm. Mnzako. Iwe Tadala, amene unkathawa singano kwa agogo ngakhale batani lenileni likathothoka pa yunifolomu, lero wagwidwa ndi chikondi cha mnzako mpaka kufuna kuluka juzi? Chabwino. Pagulu lathu la pafoni pano pali akuluakulu, ine pakamwa ndatseka. A Nabanda musaseke, ndikukuonani kuti mwamvetsera kale.

Ulusi ulipo, kuno ku Salima, ku Kamuzu Road, umapezeka m'mashopu a nsalu, koma mitundu yake ndi yochepa. Iwe uli ku Lilongwe, ukakhala wofuna kusankha pita ku Area 2, cha ku Malangalanga kuja. Kungoti chigwereni kwacha mu Novembala 2023, paja anaitsitsa ndi 44 peresenti, ulusi unakwera mosayang'ana nkhope, poti wambiri ndi wochokera kunja. Ine masiku ano ndimangolowa pa kaunjika. Ndimasankha juzi yaikulu ya abambo, ndikuitembenuza kuona msoko wa m'mbali. Ukaona kuti m'mphepete anachita kudula ndi kusoka ndi makina a ovaloko, isiye, ukamasula uzingopeza tizidutswatizidutswa. Koma ikakhala yoti zigawo zake anangolumikiza, umadula ulusi wa msoko basi, kenako kumangokoka, ikutha yokha. Ulusiwo umatuluka wopotanapotana, ndiye umaukulunga pamsana pa mpando, kuunyika m'madzi ozizira, kuupachika pamthunzi ndi kabotolo ka madzi kumunsi kuti uwongoke.

Ndanena za singano eti? Ayi, sindinanene. Aaa, zandikumbutsa amalume, abambo ako aang'ono aja, a ku Senga Bay. Iwe unali usanabadwe... ayi, unali utabadwa, unali kumsana. Nthawi imeneyo amayi anali atangophunzira kuluka ku Chigwirizano, koma singano analibe. Njinga ya amalume inkagona kuseri kwa nkhokwe kwa agogo, poti iwo akapita kunyanja ankatha masiku osabwera. Amayi anangotenga pulayala, kuzula masipoko awiri gudumu lakumbuyo, kunola nsonga pamwala wotsukira mapazi uja, basi singano zapezeka. Anzawo a ku tchalitchi ataona, wina ati nane, wina ati nane. Amayi mtima wabwino, mukuwadziwa. Amalume pobwera anakweza dengu la usipa kuti akagulitse ku boma, kufika pamsewu gudumu likuvina lokha, dengu uko, iwo uko. Anabwera akukankha njinga, osalankhula ndi munthu, anangokhala pansi pa mtengo wa mango kumawerenga masipoko mmodzimmodzi. Agogo ati mwina ndi chiswe. Chiswe kudya chitsulo! Hahaha, Mulungu awasunge agogo.

Ndiye kuti mlandu uthe, amayi anawalukira chipewa. Chofiira, cha kabumbu pamwamba. Paja amalume anali siginala, uja amakhala yekha m'bwato ndi nyali usiku kukopa usipa kuti anzake a chilimira aponye khoka. Anthu amati ku Salima n'kotentha, inde, koma kakhaleni pamadzi mu Juni kapena Julaye mwera ukuwomba, m'bandakucha, mudzadziwa kuti makutu ndi anu. Chipewa chija anachikonda moti sichinkachoka kumutu. Mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, iwo chipewa. Kumaliro, chipewa, mpaka a mfumu kuwatumira mwana kuti akawanong'oneze. Pa ukwati wa a Sitela paja chithunzi chilipo, yang'anani kumanzere kumapeto. Tsiku lina chinanyowa, iwo n'kuchiika pamwamba pa nyali kuti chiume msanga. Ulusi uja unali wa akiriliki, ndiye akiriliki ndi pulasitiki, supsa ngati thonje, umasungunuka. Anapeza chabooka pakati, m'mbali mwauma gwa. Mukuganiza anachitaya? Anachivala choncho dazi likusuzumira, ati mpweya uzilowa. Amayi atawauza kuti ndikulukireni china, iwo ati ayi mlongo wanga, njinga yanga yatsala ndi masipoko ochepa.

Iii, ndaseka mpaka misozi. Ndinali pati... eya, ulusi. Wa khanda tenga akiriliki yemweyo koma wofewa, uukhudzitse pakhosi pako, ukakuyabwa iwe ndiye kuti mwana sagona nawo. Wa ubweya wa nkhosa ndi wofunda kwambiri, koma ukauchapa ndi madzi otentha n'kuufikisa umafota, kajuzi kamasanduka ka chidole. Zovala za mwana zimachapidwa tsiku ndi tsiku, ndiye usadzivute. Basi osayanika pafupi ndi mbaula. Pa pepala la mpukutu uone polembedwa DK, ndicho chizindikiro cha kunenepa kwa ulusiwo, singano zake ndi za mamilimita 4. Mipukutu iwiri ya magalamu 100 ikwana kajuzi, kachipewa ndi timasokosi tomwe.

Koma tamvera kuno, Tadala. Juzi usayambe. Ndikunena zoona. Juzi ili ndi kutsogolo, kumbuyo, manja awiri oti afanane, khosi loti mutu upite, ndipo mutu wa khanda ndi waukulu kuposa mmene umaganizira. Munthu wongoyamba dzanja limasinthasintha, pena kumanga pena kulekerera, mkono wina umatuluka wautali. Sokosi ndiye usatchule, imafuna singano zinayi kapena zisanu zosongoka mbali zonse, ndipo pachidendene pamaliza ndi akuluakulu omwe. Iwe yamba kachipewa. Masitichi 64, awiri kutsogolo awiri kumbuyo kuti m'mphepete muzitamuka, kenako kungoluka molunjika, pamwamba kumachepetsa, kusoka msoko umodzi, watha. Ndiponso kachipewa ndi kamene kamafunika tsiku loyamba lenileni, khanda limazizidwira kumutu. Anamwino amafunsa chimenecho, makamaka ana obadwa masiku asanakwane amene amawaika pachifuwa pa mayi ku kangaru kuja, chipewa ndi sokosi sizisowa.

Juziyo isiyire ine. Wamva? Ya "mnzako" yo ndiluka ndine, ndayamba kale kuganiza mtundu, wachikasu, poti sitikudziwa kuti... kuti mnzakoyo akuyembekeza ndani. Iwe kwera minibasi Loweruka lina ubwere, msewu wa Salima suluma, maola awiri wafika. Ndikugwira dzanja pakhonde pano, kuphunzira kuluka pa foni n'kovuta, chala chimafuna wina achikonze. Ubwere miyendo isanayambe kulemera, ndi mnzakoyo ndikutanthauza, hahaha.

Ndiye ndabwereza: kachipewa ndi kako, juzi ndi yanga. Usagule singano, zanga zilipo zenizeni za m'shopu, njinga ya amuna ako ikhale mwamtendere. Ungonditengera mipukutu iwiri yachikasu ku Area 2, ndalama ndikupatsa ukafika. Ndipo azakhali ako uwaimbire wekha asanamve kwa a Nabanda. Nsima yanga ikupserera, tsalani.